Köthen, Tawuni ya Timibulu ta Shuga ku Jeremani

Munthu wokwera sitima kuchoka ku Magdeburg kupita ku Halle, m'dziko la Jeremani, amadutsa m'chigwa chachikulu. Uku ndi uku ndi minda ya tirigu ndi ya mbewu ya mizu imene azungu amapangira shuga, ndipo dothi lake ndi lakuda bii, lachonde ngati la m'madimba a ku Angónia. Pakati pa ulendowo amayamba kuona nsanja ziwiri za tchalitchi cha St. Jakob. Pamenepo ndiye pa Köthen, tawuni ya anthu pafupifupi 25,000.

Dera limeneli si lachilendo kwenikweni kwa anthu a ku Mozambique. Kale linali mbali ya Jeremani ya Kummawa, kumene anyamata ndi atsikana ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafakitale kuyambira 1979 mpaka 1990, aja akutchedwa madjermani lero. Makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Köthen pali Staßfurt, kumene ana a ku Mozambique pafupifupi 900 anaphunzira pa Sukulu ya Ubwenzi pakati pa 1982 ndi 1988. Koma alendo ofika pa Köthen amabwera ndi zolinga zina. Ena amatsata nyimbo za Johann Sebastian Bach, amene anali mkulu wa oimba kunyumba ya mfumu kuyambira 1717 mpaka 1723. Ena amatsata dokotala Samuel Hahnemann, mwini njira ya kuchiza yotchedwa homeopatiya.

Nyumba ya pa Wallstraße

Kuchokera pa msika waukulu mlendo amayenda pang'ono n'kufika pa msewu wa Wallstraße. Nyumba nambala 47 ndi nyumba wamba ndithu, ya kadimba kuseri. M'menemo ndimo Hahnemann anakhala zaka 14.

Bamboyu anabadwira ku Meissen mu 1755. Masiku amenewo madokotala a ku Ulaya ankachiza potema mitsempha ndi kulumika odwala mpaka kulefuka, ndiponso powamwetsa mankhwala otsegula m'mimba okhala ndi mekyule. Odwala ambiri ankafa ndi chithandizo chomwecho, ndipo Hahnemann ananyansidwa nazo. Mu 1790, pomasulira buku la dokotala William Cullen wa ku Scotland, anawerenga za khungwa la mtengo wa cinchona, kumene kumachokera kwinini wa malungo. Anadzimwetsa khungwalo ali bwinobwino, ndipo ananena kuti anamva zizindikiro zonga za malungo. Tsono anaganiza kuti chinthu chimene chimadwalitsa munthu wathanzi chingachize wodwala wa zizindikiro zomwezo, chikaperekedwa pang'ono kwambiri. Maganizo amenewa anawalemba m'buku lake la Organon mu 1810.

Ali ku Leipzig, ogulitsa mankhwala anamsumira chifukwa ankapanga ndi kugawa yekha mankhwala ake, ndipo mu 1820 khoti linamletsa. Mfumu Ferdinand ya Anhalt-Köthen ndiyo inampatsa chilolezo, choncho mu 1821 anasamukira kuno. Mu 1829 madokotala omutsatira anasonkhana pa Köthen n'kuyambitsa bungwe lawo, limene lilipobe mpaka lero. Mkazi wake atamwalira mu 1830, anakwatira Mélanie d'Hervilly wa ku France mu 1835, iye ali ndi zaka 79, n'kupita ku Paris kumene anamwalira mu 1843. Nyumba yoyandikana ndi yake, imene kale inali chipatala, inasanduka laibulale ya mabuku a homeopatiya mu 2009.

M'kambulu muli chiyani?

M'sitolo za mankhwala za pa Köthen, monga m'Jeremani monse, timabotolo ta timibulu toyera ta shuga timagulitsidwabe. Kapangidwe kake nkotere. Amatenga dontho limodzi la madzi a chitsamba, mchere kapena chinthu china, n'kulisakaniza ndi madontho 99 a madzi kapena a mowa woyera, n'kukhutchumula kolimba. Umenewo ndi mlingo wa 1C. Kenaka amatapamo dontho limodzi n'kuliika m'madontho ena 99, ndiye 2C, n'kumapitiriza choncho. Mlingo umene Hahnemann ankaukonda ali ku Köthen ndi 30C, kutanthauza kusungunula kotere ka 30. Pomaliza amadonthezera madziwo pa timibulu ta shuga n'kutiumitsa.

Dontho limodzi lothiridwa m'dziwe lonse la Cahora Bassa n'kusakanikirana bwinobwino lingafanane ndi mlingo wa pafupifupi 9C. Kupitirira 12C, masamu a sayansi amaonetsa kuti m'botolo simukhalanso ngakhale kachidutswa kamodzi ka chinthu choyamba chija. Otsatira homeopatiya amati mphamvu yake imatsala m'madzimo chifukwa cha kukhutchumula. Akatswiri anaiyesa nkhaniyi kambirimbiri. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, NHMRC, linapenda zofufuza zambiri ndipo linapeza kuti palibe nthenda ngakhale imodzi imene pali umboni wodalirika wakuti homeopatiya imaichiza. Dziko la France linaleka kubwezera odwala ndalama za mankhwalawa mu 2021. Mu 2022 msonkhano waukulu wa madokotala a ku Jeremani komweko unachotsa homeopatiya pa ndondomeko yawo ya maphunziro apadera a udokotala.

Apa mpofunika kusiyanitsa. Anthu ambiri amayesa homeopatiya ndi chimodzimodzi ndi mankhwala azitsamba a asing'anga. Sichoncho ayi. M'mizu ndi m'makungwa muli zinthu zenizeni, zokhoza kuchiza ndi zokhozanso kupha zikachuluka. Kwinini anachokera ku khungwa, ndipo mbali ina ya Coartem wa malungo inachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Zimenezi zinayesedwa, mlingo wake unadziwika. M'kambulu ka 30C mwatsala shuga yekha.

Kalaliki wa positi ndi manja ake

Pafupi ndi munda wa nyumba ya mfumu pali nyumba yaikulu ya Lutze-Klinik, ndipo chapafupi pomwepo pali chipilala cha mu 1897 chokhala ndi nkhope ziwiri, ya Hahnemann ndi ya Arthur Lutze. Nkhani ya Lutze ndiyo imaonetsa mmene homeopatiya inayambira kusakanikirana ndi njira zina.

Lutze anali kalaliki wa positi. Anafika pa Köthen mu 1846, Hahnemann atamwalira kale, ndipo mu 1855 anatsegula chipatala chake chachikulu. Odwala ankabwera zikwizikwi, ena n'kumalandira mankhwala ndi malangizo kudzera m'makalata. Iye ankapereka timibulu, komanso ankasanjika odwala manja, akunena kuti m'thupi mwake mukutuluka mphamvu ya moyo yolowa mwa wodwalayo. Ankalamula zakudya, ndipo dzina lake linkagulitsa chakumwa cholowa m'malo mwa khofi.

Za kusanjika manja sanaziyambe iye. Zinachokera kwa Franz Anton Mesmer, amene Hahnemann yemwe anamutchula m'buku lake. Mesmer ameneyu, polemba mayeso a udokotala ku Vienna mu 1766, analemba za mphamvu ya mapulaneti pa thupi la munthu. Pambuyo pake ankaphunzitsa kuti pali mphamvu yosaoneka yoyenda m'matupi, yonga ya maginito. Mu 1784 mfumu ya France inasankha akatswiri, pakati pawo Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier, kuti aiyese. Ankamanga odwala m'maso, ndipo anapeza kuti wodwala amagwedezeka pokhapokha akakhulupirira kuti akuchizidwa, kaya akuchizidwadi kaya ayi. Komabe m'njira ya Mesmer ndimo munachokera kugoneka munthu ndi mawu, ndipo madokotala a misala monga Sigmund Freud anayambira pamenepo asanafike pa kuchiza mwa kukambirana. Choncho nyenyezi, manja ndi uphungu zinakumanapo kale pa njira imodzi.

Achibale a m'sitolo imodzi

Pa shelefu ya timibulu mlendo amapezaponso zina zofanana nato. Pali michere 12 ya Wilhelm Schüßler, dokotala wa homeopatiya wa ku Oldenburg, amene anayamba njira yake mu 1873. Pali madontho a maluwa 38 a Edward Bach wa ku England, wosiyana ndi woimba uja, amene anagwirapo ntchito pa chipatala cha homeopatiya ku London. Iye ankasankha duwa poyang'ana mtima wa munthu, kaya ndi mantha, kaya nkhawa, kaya kutaya mtima. Palinso mankhwala a kampani ya Weleda, imene inayamba mu 1921 potsata chiphunzitso cha Rudolf Steiner ndi dokotala Ita Wegman. Amenewa amasungunula monga a homeopatiya, ndipo amatsata chikhulupiriro chakale chakuti chitsulo chilichonse chili ndi mwini wake kumwamba: golide ndi wa dzuwa, siliva wa mwezi, chitsulo wamba cha Mars.

Hahnemann mwini wake sankaombeza ndi nyenyezi. Ubale wa homeopatiya ndi openda nyenyezi uli m'kachitidwe. Otsatira a pambuyo pake, makamaka James Tyler Kent wa ku America, anayamba kugawa anthu m'mitundu monga mwa mankhwala: uyu ndi wofatsa wolira msanga, uyu ndi waukali wokonda ntchito, aliyense ndi kambulu kake. Wopenda nyenyezi naye amafunsa tsiku, ola ndi malo obadwira, n'kumuika munthu mu umodzi mwa mitundu 12 ya nyenyezi. Onse awiri amamuuza munthu kuti mavuto ake ali ndi dongosolo, ndipo kuti alipo wolidziwa dongosololo. Munthu amatuluka mtima uli m'malo. Koma openda nyenyezi nawo anayesedwa. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Shawn Carlson, m'mene openda nyenyezi anapatsidwa mapu a kubadwa kwa anthu kuti asankhe khalidwe la mwini mapu pakati pa makhalidwe atatu. Sanapose munthu wongolota.

Chimene chinkachitika m'chipinda cha Hahnemann

Nanga nchifukwa ninji anthu ankayenda masiku ambiri pa ngolo za akavalo kudzafika pa Wallstraße, ndipo ambiri n'kubwerera akuyamika? Chifukwa china nchakuti Hahnemann sankawatema mitsempha kapena kuwamwetsa mekyule, tsono thupi linkapeza mpata wodzichiza lokha, monga limachitira pa matenda ambiri. Chifukwa china chili m'mabuku ake a odwala, oposa 50, amene akusungidwa ku Stuttgart. M'menemo muli zimene wodwala aliyense ananena: mmene amagonera, zimene amalota, zakudya zimene amalakalaka, mantha ake, chisoni chake. Hahnemann ankaphunzitsa kuti dokotala amleke wodwala alankhule osamdula pakamwa, ndipo alembe m'mawu a wodwalayo. Ankalangizanso za kuyenda, za mpweya wabwino ndi za zakudya. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kumeneko bamboyu anali nako. Mpaka lero ulendo woyamba kwa dokotala wa homeopatiya umatenga ola limodzi kapena kupitirira.

Ofufuza a ku yunivesite ya Southampton, ku England, anafuna kulekanitsa ziwirizi. Mu 2011 anafalitsa zimene anapeza pa odwala nyamakazi 83. Ena anakambirana nthawi yaitali ndi wa homeopatiya, ena ayi. Ena analandira timibulu ta homeopatiya, ena timibulu wamba, popanda wodziwa kuti walandira titi. Amene anakambirana anapezako bwino. Mtundu wa timibulu sunasinthe kanthu.

Apa ndipo pali ubale wa homeopatiya ndi uphungu, ndiponso kusiyana kwake. Aphungu, monga aja a m'zipatala amene amacheza ndi munthu asanayezetse magazi ndi pambuyo pake, amanena poyera kuti chithandizo chawo ndi kukambiranako, ndipo akaona nthenda yofuna mankhwala amamtumiza munthu kwa dokotala. Wa homeopatiya amachita zonga zomwezo koma ulemu amaupereka kwa kambulu. Wopenda nyenyezi amaupereka kwa nyenyezi. Wodwala akapeza bwino sadziwa chimene chamthandiza, ndipo tsiku limene nthenda yaikulu idzafika angathamangire ku kambulu komweko.

Za kuno ku Tete

Ngozi imeneyi si ya ku Ulaya kokha. Mu 2009 akuluakulu a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, anachenjeza kuti homeopatiya isagwiritsidwe ntchito pa malungo, chifuwa chachikulu, HIV ndi kutsegula m'mimba kwa makanda, madokotala ndi ofufuza achinyamata atadandaula kuti ikufalitsidwa mu Africa pa matenda amenewa. Mwana wa ku Ulongué, ku Furancungo kapena ku Zóbuè akatentha thupi, chofunika ndi kuyezetsa malungo tsiku lomwelo ndi kumaliza mankhwala onse amene wapatsidwa. Womwa ma ARV asawaleke chifukwa wina wamlonjeza madontho ofatsa. Botolo lililonse logulidwa pamsika kapena lobwera ndi wachibale wochokera kunja, mwini wake ayambe wafunsa kuchipatala kuti muli chiyani, pakuti safunsa anadya phula.

Nawo a chipatala ali ndi chawo chotola pa Wallstraße. Namwino wokhala ndi mzere wautali pakhomo alibe ola lathunthu la munthu mmodzi, nzoona. Komabe wodwala amene wakalipiridwa, kapena wapatsidwa mapiritsi asanamalize kufotokoza, amapita kukafuna womumvetsera kwina, ngakhale womumvetserayo alibe mankhwala.

Pa Köthen pomwepo pali chipatala cha masiku ano, cha makina ounikira ndi chipinda cha opaleshoni. Anthu a m'tawunimo amanyadira dokotala wawo wakale ndipo amalozera alendo njira ya ku nyumba yake, koma wothyoka mwendo kapena wogwidwa ndi chibayo amamtengera kumeneko.