Kaphirintiwa, phiri lopanda nsonga

Dzina lakuti Kaphirintiwa limadzimasulira lokha: kaphiri kantiwa, ndiko kunena kuti kaphiri kathyathyathya pamwamba, kopanda nsonga. Ana athu kuno kwa Wimbe amadziwa kuti Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, popeza aphunzitsife tinkawafunsa zimenezo pamayeso. Koma muwafunse kumene kuli Kaphirintiwa, angoti kakasi. Chonsecho makolo athu Achewa ankati pamenepo ndi pamene munthu woyamba adapondapo dziko.

Nkhani yake, monga ankaikambira agogo madzulo, ndi iyi. Dziko lidali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kudagwa chimvula, ndipo Chauta adatsika pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, nyama zonse zili pambuyo. Adatera pathanthwe likadali lofewa, mapazi awo nkudindika pamenepo. Onse adakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri natentha tchire. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, nyama zina zidalowa m'thengo zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Ine ndidakafikako nditapuma kale ntchito, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ulendo wake ngwautali: kuchoka kwa Wimbe mpaka pa boma la Kasungu, kutsika ndi msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, kenaka kuloza kumapiri a Dzalanyama, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Kumene galimoto idalekezera tidayamba wapansi. Safunsa adadya phula, choncho tidayamba taonekera kwa amfumu, ndipo iwo adatipatsa mkulu wina wotitsogolera.

Wofuna phiri lochititsa kaso ngati Mulanje kapena Zomba akhumudwa. Ndi thanthwe chabe, lotentha kumapazi, lozingidwa ndi mitengo ya msuku ndi mombo. Titayandikira, mkulu uja adanjuta, naomba m'manja mofatsa.

"Aphunzitsi, pano sitikweza mawu," adatero. "Khalani pansi kaye, maso azolowere."

Kuona maso a nkhono nkudekha. Patapita nthawi ndidayamba kuzindikira timaenje tija, tina ngati phazi, tina ngati chiboda. Wophunzira za miyala anena kuti ndi madzi ndi mphepo zimene zidakumba, ndipo sinditsutsana naye. Koma madzi akumba miyala yambirimbiri m'Malawi muno, ndipo mwala umene mtundu wonse udasankha kuutcha chiyambi chake ndi uwu wokha. Kachisi wa mvula wa Makewana adayambira kuno asadasamukire ku Msinja, kumene mafumu akutali ankatumiza nthumwi ndi mphatso mvula ikavuta, kufikira nkhondo za Angoni zitapasula malowo.

Anzathu a ku Australia ali ndi thanthwe lawo pakati pa chipululu, lotchedwa Uluru. Boma lidalibweza kwa eni ake, Aanangu, mu 1985, ndipo mu Okutobala 2019 kukwera pamwamba pake kudaletsedwa chifukwa eniwo amaliyesa lopatulika. Alendo sadaleke kupitako, amangolizungulira m'munsi. Kwathu kuno vuto ndi lina. Alendo ngochepa, koma nkhwangwa ndiye zachuluka.

Nkhalango ya Dzalanyama idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa. Mu 2015 zinthu zidafika poti boma litumize asilikali kukailonda chifukwa cha makala. Panjira tidapyola mauvuni angapo, ena akufukabe, ndipo ndidakumbukira munthu uja ndi timitengo take tiwiri. Sindiloza chala anthu akumeneko ayi. Ife a ku Kasungu mitengo yathu tidaimaliza kalekale ndi zigafa ndi mabalani a fodya, ndipo mnyamata wokankha matumba atatu panjinga, thukuta lili kamukamu, akufuna ndalama ya feteleza ndi ya sukulu monga tinkaifunira ife. Makala akewo amakaphikira nsima m'nyumba za ophunzira anzanga mumzinda.

Potsika ndidafunsa mkulu uja ngati adzukulu ake amaidziwa njira ya kuthanthwe. Adaseka pang'ono.

"Amaidziwa bwino, aphunzitsi, kuposa ine. Ndi yomweyo imene amadzera popita kukatema."