M'mera mpoyamba, koma si pomaliza

 Ena mukamadutsa pakhomo panga mwakhala mukufunsa kuti, "Kodi Sala, timapepala mumamanga pamaluwa tija ndi mankhwala?" Si mankhwala ayi. Ndimakwatitsa marozi. Lero ndati ndifotokoze bwino, chifukwa ntchito imeneyi inandifikitsa pokumana ndi cholakwa changa chakale.

Zomba ndi tauni ya maluwa kuyambira kale. Munda wa Botanic umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi anauyambitsa ndi Alexander Whyte mu 1891, ndipo kufikira 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, nyumba zambiri za boma m'mphepete mwa phiri zinali ndi minda ya maluwa. Eni ake anapita, koma zitsamba zina zikadalipo. Mu 2019 agogo ena amene anagwira ntchito ya m'munda pa imodzi mwa nyumbazi anandidulira nthambi za marozi atatu. Loyamba linali lalitali la maluwa a pinki lotchedwa Queen Elizabeth, limene Walter Lammerts anatulutsa ku America mu 1954. Lachiwiri linali loyera lotchedwa Iceberg, la Reimer Kordes wa ku Germany, la mu 1958. Lachitatu linali lofiira, lonunkhira kwambiri, limene agogowo ankangoti "la a Dona".

Nthambi zinagwira, ndipo ndikanatha kulekera pomwepo. Koma rozi lobzala nthambi lili ngati chinangwa kapena nzimbe: chimene wadula ndi chomwecho chimene ukolole. Queen Elizabeth wa pakhomo panga ndi chidutswa chabe cha chitsamba chimodzi chomwe chija cha a Lammerts. Njere ndiye nkhani ina. Njere iliyonse ndi rozi latsopano limene munthu sanalionepo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulemba pa bolodi za nsawawa za Gregor Mendel, amene anasindikiza zofufuza zake mu 1866, koma ndinali ndisanakwatitsepo chomera ngakhale chimodzi ndi manja anga. Manyazi anandigwira.

Kachitidwe kake n'kosavuta, koma kamafuna kudekha. Mu Okutobala, marozi akachita maluwa ambiri pambuyo powadulira, ndimasankha duwa limene latsala tsiku limodzi kuti litseguke. Ndimathothola timasamba take tonse, kenako ndimachotsa timitu tachikasu tokhala ndi mungu, kuti duwalo lisadzibereketse lokha. Ameneyu ndiye mayi. Kuchokera ku duwa la chitsamba china ndimatenga timitu ta mungu n'kutiika m'kachitsekero ka botolo kuti tiume usiku wonse. Kukacha mungu umakhala utathothoka ngati ufa wachikasu. Ndimautapa ndi nthenga ya nkhuku n'kupaka pakati pa duwa lachikazi lija, pamene pamakhala patayamba kumata. Ndikatero ndimaveka envulopu kuti njuchi zisabweretse mungu wina, ndipo ndimamangirira kapepala kolembapo mayi, bambo ndi tsiku. Zikatheka, kunsi kwa duwa kumatupa n'kukhala kachipatso kamene kamapsa pakatha miyezi inayi kapena kuposerapo.

Vuto lalikulu limabwera pambuyo pake. Marozi athuwa makolo awo ndi a kumaiko ozizira, choncho njere zake zimagona mpaka zitamva kuti chisanu chadutsa. Zimafunika kukhala ponyowa, pa kuzizira kwa madigiri pafupifupi 4, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Mu 2022 ndinaziika mumchenga wonyowa m'firiji, pambali pa nyemba zophika za mayi a kunyumba, amene anandichenjeza kuti tsiku lina adzazithira m'ndiwo. Koma chimenecho chinali chaka chimene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale, ndipo magetsi ankazima maola ambiri. Firiji inkazizira usiku, masana n'kutentha. Nditatsegula mu Julayi ndinapeza chuku chokhachokha. Sinamere ngakhale imodzi.

Mu Okutobala chaka chomwecho ndinayambiranso, Queen Elizabeth ngati mayi, Iceberg ndi la a Dona ngati abambo. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Sindingayerekeze kudandaula za maluwa pamene anthu anataya abale ndi nyumba m'chigawo chathu chino. Ndingonena kuti mvula itakata, zipatso zisanu ndi ziwiri zinatsala, koma timapepala tonse tinali titasungunuka. Ndinali ndi ana odziwika mayi okha.

Firiji sindinkaikhulupiriranso. Loweruka lina mu Meyi ndinakwera kuphiri, ndipo panjira ya ku Ku Chawe, pamene anyamata amagulitsa masitiroberi ndi zipatso zina, wina anandiitana: "Sala!" Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa kalekale, tsopano bambo wa ana awiri. Dzina sinditchula. Amalima masitiroberi ndipo ali ndi nazale ya mbande za mapichesi. Ndinamuuza kuti zonse amalimazo ndi za banja limodzi ndi rozi, iye n'kuseka. Anati nthangala za mapichesi nazo sizimera msanga zikapanda kumva chisanu, ndipo iye amazikwirira mumphika wadothi wa mchenga pamthunzi, pafupi ndi madzi, Juni ndi Julayi yense. Ndinamusiyira njere zanga 46.

Kuphiri sikuzizira mofanana tsiku lililonse ngati m'firiji, koma usiku wa Juni kumeneko, chiperoni chikagwa, amene munagonako mukudziwa. Mu Ogasiti anatsika nawo mphikawo panjinga. Tinafesa m'machubu, ndipo zinamera 11. Ziwiri zinafa ndi kuola kwa tsinde chifukwa ndinkathirira mopitirira, ina inadyedwa ndi chiswe. Zinatsala zisanu ndi zitatu.

Chodabwitsa cha marozi amakono n'chakuti mbande imachita duwa ikadali kakang'ono, miyezi iwiri kapena itatu chimerereni, isanafike n'komwe m'bondo. Mu Novembala ndinkadzuka m'bandakucha kukaona. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake tebulo lija la 3 kwa 1 limene ndinkakulembetsani silithandiza kwenikweni pa rozi. Marozi ambiri amakono ali ndi makromozomu 28, magulu anayi m'malo mwa awiri, ndipo makolo awo ndi osakanizika kale. Ana a mayi mmodzi anatuluka wina wa pinki, wina wotuwa, wina wopanda fungo, wina waminga ngati lunguzi.

Nambala 3 inali yokongola: duwa lodzaza, lofiirira, lonunkhira. Ndinaijambula n'kutumizira aliyense. Nambala 7 inali yomvetsa chisoni: kamtengo kowonda, duwa lotumbuluka la timasamba tisanu ndi titatu tokha. Akatswiri a ntchitoyi amafesa mbande zikwizikwi n'kutaya pafupifupi zonse, ndipo rozi limodzi limatenga zaka zambiri lisanafike pamsika. Lotchuka lija la Francis Meilland wa ku France analikwatitsa mu 1935, koma dzina loti Peace linalengezedwa mu 1945. Ine ndinati nanenso ndichite ngati katswiri. M'mera mpoyamba, ndinatero, dzanja lili kale pachubu.

Mnzanga wa kuphiri uja anali pomwepo, atabweretsa manyowa. Anati, "Sala, inu mumafulumira ndi bolopeni yofiira." Ndinamufunsa chimene akutanthauza. Anandikumbutsa, mosakwiya, kuti ali Fomu 1 ndinalemba pa lipoti lake kuti sindikuona tsogolo lake pa sayansi. Bambo ake anawerenga mawuwo pamaso pa banja lonse. Ine ndinali nditaiwala. Iye anawanena onse, liwu ndi liwu, patatha zaka zoposa khumi ndi zisanu. Ndinasowa poyang'ana. Ndinapepesa, mwachibwibwi, iye n'kungoti, "Zinapita zimenezo. Koma kamtengoka kasiyeni kaone dzinja."

Ndinakasiya. M'dzinja muno mu Zomba marozi amavutika ndi matenda a madontho akuda. Amayamba ndi nkhungu imene imafala madzi a mvula akamadumphira pamasamba. Masamba amachita madontho, amasanduka achikasu, kenako amayoyoka. Nambala 3 inayoyoka mpaka kutsala ndodo, ndipo m'dzinja lachiwiri inafa. Nambala 7 inangochita timadontho tochepa m'munsi, masamba ena onse ali biriwiri, popanda kupopera mankhwala. Itakula, maluwa ake anasinthanso. Duwa loyamba la mbande nthawi zambiri limakhala laling'ono ndi lochepa timasamba kusiyana ndi a chitsamba chokhwima. Panopa limachita maluwa m'magulu, oyera opakidwa pinki pang'ono m'mphepete. Ndikuganiza kuti bambo wake ndi Iceberg, ngakhale umboni unapita ndi madzi.

Sindikunena kuti ndatulutsa rozi lopambana dziko lonse. Madzinja awiri ndi ochepa, ndipo fungo lake ndi lapatalipatali. Sindikunenanso kuti ana asukulu ndi maluwa. Wokwatitsa marozi ali ndi ufulu wotaya, ife aphunzitsi tilibe. Mwambi uja ndimauvomerezabe, koma ndinkaumva molakwika. M'mera mpoyamba akunena mlimi, kuti asamale mbewu ikadali yanthete. Ine ndinkaugwiritsa ntchito ngati chilolezo choweruza msanga. Aphunzitsi anzanga, teremu ikamatha timakhala ndi mulu wa malipoti, tatopa, ndipo chiganizo chimodzi timachilemba m'masekondi khumi. Mwana amachisenza moyo wake wonse.

Nthambi zinayi za nambala 7 tazibzala kuphiri, m'mphepete mwa munda wa masitiroberi, kuti tione ngati zingapirire nkhungu ya kumeneko. Ndinamuuza mwini mundayo kuti dzina apereke ndi iye. Akuti akuganizabe, ndipo ndisamufulumizitse.

Amene mukufuna nthambi, bwerani mu Julayi podulira. Mubwere ndi chubu chanu. Tsalani bwino.