Miyendo ya mwana wathu ndi kalata yochokera ku America

Pamene tinkasamukira ku Ellenbrook, dera la nyumba zatsopano kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Perth, tinkayesa kuti ulendo wa banja lathu wathera pomwepa. Makolo tinawasiya ku Mulanje, ndipo mumtima tinalumbira kuti ana athu sadzabalalika monga tinabalalikira ife. Sitinkadziwa kuti miyendo ya mwana wathu wachisamba, mtsikana wofatsa, ndiyo idzagwedeze lumbirolo.

Anayamba kuthamanga ali ku pulayimale, ife n'kumaziona ngati masewera a ana. Kwathu kuthamanga mtunda wautali sitinkakuyesa luso, pakuti tonse tinkathamangira ku sukulu poopa chikwapu. Dzina la Catherine Chikwakwa, amene anapata mendulo ya siliva pa mamita 5000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse mu 2004, tinkangolimva pa wailesi. Koma mwanayo atakula, masiku ambiri a m'chilimwe ankatithera pa bwalo la WA Athletics Stadium, titakhala padzuwa ndi botolo la madzi, tikuphunzira kuti masekondi awiri pa mamita 1500 ndi chinthu chimene munthu angachilirire.

Ali m'kalasi ya 11 analandira uthenga wochokera kwa kochi wa yunivesite ina ya ku America. Kochiyo anali ataona nthawi zake pa intaneti, ndipo ankafuna kucheza naye za sikolashipu. Mwana anavina m'khitchini. Njirayi si yachilendo kuno: Jessica Hull, amene anapata siliva pa mamita 1500 ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024, anadzera ku yunivesite ya Oregon, ndipo Oliver Hoare, amene anapambana mtunda womwewo pa masewero a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, anadzera ku Wisconsin. Ife tinamuyankha ndi dzina la Peter Bol, amene anakulira muno mu Perth n'kukafika pa nambala 4 pa mamita 800 ku Tokyo osadzera ku koleji ya ku America. Iye anaseka. Anadziwa kuti nkhani si Bol, koma mantha athu.

Tinayamba kuwerenga, ndipo tinapeza kuti mawu akuti sikolashipu ndi otakata ngati chitenje koma safunditsa thupi lonse. Kufikira mu 2025, malamulo a bungwe la NCAA ankalola timu ya atsikana ya Division I kugawana masikolashipu 18 okha, ya anyamata 12.6, chonsecho othamanga m'timu amakhala ochuluka kuposa apo. Malamulowo anasintha m'chakacho, komabe ambiri amalandira gawo chabe, ndipo zotsalazo kholo limalipira m'madola a ku America. Masukulu a Division III sapereka n'komwe ndalama chifukwa cha masewero. Tinapezanso kuti ku Division I amafuna maphunziro 16 ovomerezeka a zaka 4 zomaliza za sekondale, monga Chingerezi, masamu ndi sayansi. Mwana wathu anatsala pang'ono kusiya sayansi kuti apeze mpata wokonzekera mipikisano. Akanatero, chitseko chikanatsekeka tisanachione.

Ntchito yathu ndi yoona za chisamaliro cha mabanja ndi achinyamata, ndipo yatiphunzitsa kuti wachinyamata amene ali kutali ndi kwawo sagwa tsiku la chikondwerero. Amagwa mwakachetechete, m'chipinda, zinthu zikavuta. Wothamanga mtunda wautali mafupa a m'miyendo amatha kung'aluka pang'onopang'ono, ndipo atsikana ena amayamba kudzimana chakudya pofuna kupepuka. N'chifukwa chake tsiku limene tinacheza ndi kochiyo pa kompyuta sitinafunse za mabwalo kapena nsapato. Tinafunsa kuti akavulala adzamusamala ndani, adzalipira chipatala ndani, ndipo ndalama za sukulu zidzapitirira kapena ayi. Kochiyo anayankha mwaulemu, ife n'kupempha kuti mayankhowo alembedwe. Titatseka, mwana anati, "Amayi, mwandichititsa manyazi." Tinavomera kuti n'zoona, koma sitinapepese.

Chimene chinatisowetsa tulo kwenikweni ndi mapepala, ndipo apa tikupempha mabanja anzathu atchere khutu. Ife tinali nacho chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, koma unzika tinkauzengereza, poti kale lamulo la kwathu silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo mu 2018, koma ife tinangokhalabe. Tsono ufulu wotuluka ndi kulowanso pa chilolezo chotere umatha pakapita zaka 5, ndipo wofuna unzika sayenera kukhala kunja miyezi yoposa 12 m'zaka 4 zomaliza. Digiri ya ku America imatenga zaka 4. Mwana akanatha kupita ndi chimwemwe n'kudzavutika pobwerera m'nyumba ya makolo ake. Tinalemba mafomu a unzika mlungu womwewo.

Pomaliza tinaimbira foni agogo ake ku Mulanje, tikuyembekeza kuti atithandiza kumuletsa. Anamvetsera mpaka tinatha, kenako anati, "Kodi inuyo pomwe munkakwera ndege munandifunsa ine?" Atatero anapempha kuti foniyo timupatse mdzukulu wawo. Anacheza nthawi yaitali, ndipo zimene anakambirana sanatiuze.

Kalata ya yunivesite idakali pa tebulo, sitinasayine. Chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu August, choncho akamaliza mayeso a kalasi ya 12 mu November adzakhala nafe miyezi ingapo. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, timamva chitseko chikutsekeka pang'onopang'ono, ndipo bambo ake amadzuka kukamutsatira pa njinga.