KU MALAMBO NJIRA YAIKURU SI YA ANTHU

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu wobadwira kumtunda, monga ku Chipata kapena ku Katete, amadziwa kuti njira yotakata ndiyo yopita kumudzi. Koma ku Malambo, m'cigwa ca Luangwa, nzeru imeneyi ikhoza kumuphetsa. Ine ndinaziona ndekha m'dziko la Mfumu Msoro, m'boma la Mambwe.

Unali mwezi wa October, pamene kutentha m'cigwamo kumapitirira madigiri 40. Ndinagona pafupi ndi Mishoni ya Msoro, imene anaiyambitsa wansembe wa Anglican, Leonard Kamungu, amene anamwalira komweko m'caka ca 1913. M'mamawa ndinanyamuka wapansi kukaceza ndi alimi a thonje kumudzi wina.

Polawirana, a nyakwawa anati, "Mukafika pa mlambe, mutsate kanjira kakang'ono ka kumanzere. Kapena ndikupatseni mnyamata akuperekezeni?" Ine ndinakana, poganiza kuti munthu wamkuru sangasocere masana.

Nditafika pa mlambe paja ndinapeza njira ziwiri. Ya kumanzere inali yowirira, pamene ya kumanja inali yosalala ngati yolambula. Ndinati mumtima nkhalamba ija inasokoneza manja, ndipo ndinalowa ya kumanja.

Dzuwa litafika paliwombo ndinali pakati pa nkhalango ya mitengo ya tsanya. Nyengo imeneyi tsanya amakhala atayoyola masamba, motero mthunzi kunalibe. Nyenje zinali kulira mogonthetsa m'khutu, akashembe nawo akundiluma kumsana. Madzi a m'botolo anatha, lilime linauma gwa. Kenaka ndinaona ndowe zazikuru zosauma, ndi nthambi zokhadzulidwa pamwamba posafika munthu. Apo mpamene ndinazindikira kuti ndinali kutsata njira ya njobvu. Miyendo inazizira ngakhale kunali kotentha cotero.

Njirayo inandifikitsa pa kamtsinje kouma. Mwamwayi, kumunsi kwace ndinaona mai wina wacikulire atagwada, akufukula mcenga ndi kutunga madzi ndi cikho.

"Odi amai! Ndasocera, ndipo ludzu landipha," ndinatero.

"Khalani pansi, mwananga. Imwani pang'onopang'ono," anayankha. Iwo anali kulankhula Cikunda, ine Cinyanja, koma tinamvana bwino lomwe.

Nditatsitsimuka anandifunsa ngati m'njira monsemo ndinaonamo phazi la munthu, tayala la njinga kapena citsa codulidwa ndi nkhwangwa. Ndinabvomera kuti palibe cimene ndinaona. Anandifotokozera kuti m'cilimwe njobvu zimayenda njira imodzimodzi popita kumadzi, ndipo mapazi ao amaisalaza kuposa khasu. Njira yotere imathera pamtsinje, osati pamudzi. Anatinso ndikadacedwa mpaka madzulo, ndikadakumana ndi eni njirawo akubwera kudzamwa.

Zoonadi njobvu nzambiri kuderali, pakuti liri pafupi ndi nkhalango yosungiramo nyama ya South Luangwa, imene Boma linaikhazikitsa kukhala paki m'caka ca 1972. Nyama sizidziwa malire.

Mai aja anasenza mtsuko wao nanditsogolera. Tisanayende mtunda wautali ndinamva tambala akulira. Unali mudzi womwe uja ndinali kufuna, ndipo anthu anandiuza kuti kucokera pa mlambe ndi ulendo wa ola limodzi cabe. Ine ndinatayapo maola asanu.

Tsono inu awerengi amene mudzapita ku Malambo m'cilimwe, kaya kukaona abale kaya kukagula nsomba, nyamukani kusanace, tengani madzi okwanira, ndipo yang'anani pansi ngati pali phazi la munthu mnzanu. Eni dziko akakupatsani wokuperekezani, musakane monga ndinacitira ine. Akuru anati safunsa anadya phula. Ine kufunsa ndinafunsa, koma kumva ndiko kunandikanika.