Madzi Ooneka Oyera

Ife amene tinakulira pafupi ndi gombe la Chikale sitinayambe taganizapo kuti madzi osambira amafuna wowasamalira. Timangovula malaya n'kulumphira m'nyanja. N'chifukwa chake tinaseka pamene mnzathu wina, amene wakhala zaka zingapo ku Johannesburg akusamalira kapinga ndi maluwa pakhomo pa bwana, anatiuza kuti ntchito yake yoyamba inatha chifukwa cha dziwe losambiramo. Bwana anapita kutchuthi mu Disembala; pobwera anapeza madzi atabiriwira ngati chithaphwi cha achule. Iye sanaseke nafe, pakuti ndalama za fizi ya mlongo wake zinathera pomwepo.

Popeza ambiri a inu mukulota za ulendo wa ku Joni, timve zimene anaphunzira mochedwa.

Dziwe la pakhomo ndi madzi otsekeredwa. Thukuta, fumbi, masamba ndi mvula zimalowamo, koma palibe mtsinje wozitulutsa. Chimene chimapha majeremusi ndi ndere ndi klorini, kawirikawiri ya ufa ija ya HTH, ndipo iyenera kukhala pakati pa mamiligalamu 1 ndi 3 pa lita iliyonse. Dzuwa limaidya msanga, motero wodziwa ntchito amathira madzulo, pampu ikuzungulitsa madzi.

Koma mnzathuyo klorini ankathira ndithu, tsiku ndi tsiku. Chimene sankayeza ndi pH, muyeso wosonyeza ngati madzi apendekera ku asidi kapena ku soda. M'dziwe uyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Ukakwera kupitirira 8, klorini imafooka ngakhale muthire yochuluka, ndipo ndere zimamera pamaso panu. Ukatsika kwambiri, maso amayabwa ndipo zitsulo zimadyeka. Wokwera amautsitsa ndi asidi pang'ono, wotsika amaukweza ndi soda. Asidi ndi HTH siziyenera kukumana m'chidebe chimodzi, chifukwa mpweya wotulukapo ungathe kupha munthu. Chinatidabwitsa koposa n'chakuti fungo lamphamvu la klorini padziwe kawirikawiri silitanthauza kuti yachuluka: ndi klorini yomwe yagwirana kale ndi thukuta ndi mkodzo, yatha mphamvu.

Kuyeza konseku ndi kwa mphindi ziwiri: kabotolo, timadontho, n'kuona mtundu wa madzi. Iye ankakhulupirira maso ake.

Apa kuseka kwathu kunatha, pakuti nafenso timakhulupirira maso. Mu 2022 kolera inafika kuno ku Nkhata Bay, ndipo mliri umenewo, womwe unapitirira mpaka 2023, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi amene tinkatunga m'mphepete mwa nyanja ankaoneka oyera mbee. Alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi kugawa klorini, koma ena mwa ife tinkadandaula za kakomedwe kake, ena tinkathira mongoyerekeza, lero wambiri mawa ayi. Ndowa ya m'nyumba nayonso ndi madzi otsekeredwa, ndipo kapu imodzi yoviikidwa ndi dzanja losasamba ikwanira kuiwononga.

Mnzathu uja anabwerera ku Joni, ndipo pakhomo pamene ali tsopano amayeza madzi m'mawa asanagwire tsache. Amayi ake kuno anawasiyira ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi kampopi. Akathira klorini pa muyeso umene alangizi anawauza, amadikira mphindi 30, ngakhale adzukulu alire ludzu.