Ntchito Yanga Imakwiririka M'konkire

Anthu akamva kuti ndine injiniya wa zomangamanga amaganiza kuti ndimajambula nyumba. Wojambula ndi akitekiti. Iye ndiye amati chipinda chochezera chikhale apa, zenera liyang'ane kuphiri, khonde lizungulire. Pulani yake ikafika pa desiki yanga, ine ndimafunsa chinthu chimodzi: kulemera konseku kudutsa pati kuti kukafike pansi? Denga limatula katundu wake pa bimu, bimu imatula pa mzati, mzati pa maziko, maziko pa dothi. Njira imeneyi ikaduka penapake, nyumba imayamba ndi ming'alu, zitseko zimakana kutsekeka, ndipo tsiku lina imagwera anthu.

Ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono ya alangizi mumzinda wa Blantyre. Sitimanga ayi, omanga ndi makontrakitala. Ife timagulitsa masamu, mapepala ndi siginecha. Siginechayo ndiyo yolemera kuposa zonse, chifukwa ndikasaina pulani ndiye kuti ndavomera kuti ana a eni ake akagone pansi pa silabu imene ndawerengera ine.

Ntchito imayambira m'dzenje. Tisanalembe nambala ina iliyonse timakumbitsa maenje pamalopo, kuona dothi, nthawi zina kutumiza lina ku labotale. Eni nyumba ambiri apa ndi pomwe timayambanirana. "Bwana injiniya, ndalama zokumbira maenje opanda ntchito ndizitenga kuti? Oyandikana nane anamanga osapima." Koma dothi la Malawi si limodzi. Makande a ku Chigwa cha Shire amafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo amanyamula nyumba n'kuitsitsa chaka ndi chaka mpaka makoma atatopa. Madambo a ku Lilongwe, amene masiku ano agawidwa maploti, amasunga madzi pafupi. Ku Blantyre kuno mbali imodzi ya nyumba imatha kukhala pathanthwe, inayo pa dothi lochita kuthira. Maziko oyenera malo amodzi ndi msampha pamalo ena.

Kenako pali konkire, amene ndi mnzanga wa tsiku ndi tsiku ngakhale amandisowetsa tulo. Papepala ndimalemba kuti akhale wa giredi 25. Kunja kuno amasakaniza ndi anyamata a ganyu ndi mafosholo ndi wilibala, dzuwa likuswa mtengo. Konkire wouma amavuta kuthira, choncho dzanja limathamangira ku ndowa ya madzi. Madzi akachuluka ntchito imafewa, koma mphamvu imathawa, ndipo maso sangaone kuti yathawa. N'chifukwa chake timadzaza timabokosi ta mamilimita 150 mbali zonse, n'kukaphwanyitsa timiyalato pa makina patatha masiku 7 ndiponso masiku 28. Folomani wina wachikulire anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ine ndayamba kumanga iwe usanabadwe, lero ukufuna makina akuuze zimene ine ndikuona?" Ndinati, "Madala, maso anu sindikuwakayikira, koma banki imene yabwereketsa ndalamazi siidziwa maso anu." Anaseka, timabokosi tinadzazidwa.

Ndisananene kuti thirani, ndimakwera pamwamba ndi tepi. Ndimawerenga zitsulo, Y12 ndi Y16, kuona ngati zatalikirana monga ndinalembera, ngati zapindidwa bwino pamakona, ngati zalumikizana motalika mokwanira. Ndimayang'ananso timiyala tating'ono ta simenti timene timanyamula zitsulo kuti zisagone pa matabwa. Timeneti anthu amatinyoza, koma chitsulo chikakhala kunja kwenikweni kwa konkire chinyezi chimachipeza, dzimbiri limachitupitsa, konkire n'kuyamba kuthothoka. Mukaona denga la konkire lokhala ndi mizere yofiirira m'matauni mwathumu, dziwani kuti wina anaiwala timiyala timeneti zaka zambiri zapitazo. Akathira, kwatsala kuthirira madzi kwa sabata yathunthu, ntchito yotsika mtengo kwambiri pa zonse koma imene imasiyidwa msanga kuposa zonse.

Masiku ano msonkhano uliwonse wa mainjiniya sulephera kukamba za kusamala chilengedwe. Ine nkhaniyi ndimaimva m'chilankhulo cha thumba la simenti. Popanga simenti amawotcha miyala ya laimu pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mpweya woipa umatuluka pawiri: ku moto wowotcherawo, ndi ku mwala weniweniwo ukamasweka. Mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Kwathu kuno thumba lomwelo limadyanso ndalama zakunja, pakuti zitsulo zambiri ndi zina zopangira simenti zimachokera kunja, ndipo aliyense amene anali pakati pomanga mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo inalumphira. Choncho thumba lililonse limene masamu anga apulumutsa lapulumutsa mpweya ndi thumba la mwini nyumba nthawi imodzi.

Apa pali tchimo la ife mainjiniya limene sitikonda kulitchula. N'kosavuta kunenepetsa mzati ndi kuwonjezera zitsulo kuti ugone tulo. Palibe amene anamangidwapo chifukwa chothira simenti yambiri. Koma umenewo ndi ulesi wovala jekete ya chitetezo. Luso lenileni ndi kupeza pamene katundu ali wochepa koma nyumba ili yolimba, ndipo pamenepo pamafuna kukhala pansi ndi akitekiti pulani isanaume. Ndikamupempha kuti mizati ya pamwamba igwere ndendende pa mizati ya pansi, kapena kuti chipinda chachikulu chichepeko pang'ono m'lifupi, mabimu akuluakulu amachoka okha. Zimene timapulumutsa pa msonkhano umodzi wotere sizingapulumutsidwe ndi utoto wobiriwira kapena maluwa a pakhonde.

Za njerwa ndiye zimandikhudza kwambiri, chifukwa ndinakulira pafupi ndi mauvuni. Uvuni wa njerwa sufuna tinthambi, umafuna zipika za mitengo ikuluikulu, ndipo mapiri ozungulira Blantyre, monga Ndirande ndi Soche, akuchitira umboni zimene nkhwangwa zachita pofuna makala, nkhuni, minda ndi njerwa. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Lamulo ndi labwino. Koma zimene zatsatira ndi mabuloko a m'mbali mwa msewu, amene ena mwa iwo amafumbutuka ukawakanda ndi chala chifukwa woumba akufuna thumba limodzi la simenti libale mabuloko ochuluka. Tapulumutsa mtengo n'kuika khoma lofooka pamutu pa mwana wa sukulu. Ine buloko ndisanalivomereze ndimafuna likaphwanyidwe ku labotale monga timachitira ndi konkire. Mchenga nawo ukuchoka m'mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe malole ndi malole, magombe akugumuka, ndiye tisadzinamize kuti buloko ndi loyera m'manja.

Mtima wanga uli pa njerwa za dothi zothira simenti pang'ono ndi kutsindira ndi makina, osaotcha. Eni nyumba amazikana, amati ndi zidina, nyumba za aumphawi. Ndimawatumiza ku Mandala House, nyumba ya nsanjika imene inamangidwa mu 1882 ndi njerwa zouma ndi dzuwa komanso matope, ndipo ikadalipo. Chinsinsi chake n'choonekeratu: khonde lalikulu lozungulira, denga loteteza makoma ku mvula. Dothi mdani wake ndi madzi basi. Lipatseni maziko okwera, pepala loletsa chinyezi pansi pa khoma ndi denga lotambalala, lidzakuikani m'manda ilo likadali chiimire. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, Scottyo asanaphunzirepo za zomangamanga. Ophunzira amene amabwera kudzayeserera ntchito pa ofesi yathu ndimawatengera kumeneko kuti akaone mmene njerwa yokha, popanda chitsulo m'kati, imanyamulira katundu ikayalidwa mokhota.

Koma kusamala chilengedwe kwakukulu m'dziko lathu ndi kumanga kamodzi. Nyumba yogwa n'kumangidwanso yadya mitengo kawiri, simenti kawiri, mchenga kawiri. Tili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka: Salima inagwedezeka mu March 1989, Karonga mu December 2009. Ku Karonga nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za njerwa zomangira matope, makoma opyapyala, makona osalumana, pamwamba popanda chomanga makoma pamodzi. Ring'i bimu, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma onse, ndi amene amachititsa kuti makoma anayi agwedezeke ngati chinthu chimodzi m'malo moti lililonse ligwe palokha. Mphepo nayo simakankha denga, imalinyamula, choncho phaso liyenera kumangiriridwa ku khoma ndi waya kapena lamba wachitsulo wokwiriridwa m'katimo, osati kungolikhazika ndi kusanjika miyala pa malata.

Namondwe wa Freddy, mu March 2023, anatikumbutsa malire a masamu athu. Matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe palibe bimu imene ikanaziletsa. Pali malo ena amene yankho la injiniya woona mtima ndi lakuti pano musamangepo. Kunena zimenezi kwa munthu amene wagula kale ploti ndi ndalama za moyo wake wonse n'kowawa, ndipo ena amangopita kwa wina amene angawasainire.

Za luso latsopano ndimazilandira, koma ndi diso limodzi lotsegula. Pamene ndinkayamba, akuluakulu a mu ofesi anali ndi matebulo ojambulira ndi mapensulo. Lero AutoCAD ndi Revit zimajambula, Prokon ndi ETABS zimawerengera nyumba yonse ya nsanjika m'kanthawi kochepa, ndipo tikhoza kuyesa njira zingapo kuti tione yodya simenti yochepa. Vuto ndi lakuti kompyuta simakana bodza. Ukaiuza kuti dothi ndi thanthwe pamene ndi dambo, idzakupatsa yankho lokongola lamitundumitundu. Mu 2021 kampani ya 14Trees inamanga sukulu ku Salima ndi makina osindikiza makoma a konkire, ndipo dziko lonse linalemba za Malawi. Ndinachita nayo chidwi. Komabe makina otere amafuna simenti yapadera ndi akatswiri owayendetsa, m'dziko limene anyamata ofuna ntchito ya manja ali mbwee. Chimene ndikuchiyembekezera kwambiri ndi simenti ya LC3, imene akatswiri a ku Lausanne ku Switzerland anaikonza pamodzi ndi anzawo a ku Cuba ndi India: mbali ina ya zowotcha pa moto waukulu ija amailowetsa m'malo ndi dongo lowotcha pa moto wocheperako ndi laimu wogaya. Dongo ndi laimu tili nazo. Ndipo kunena zoona, chida chimene chasintha ntchito yanga kuposa zonsezi ndi WhatsApp. Folomani ali ku Nsanje amanditumizira zithunzi za zitsulo, tepi ili pambali, ndipo zolakwika zambiri timazigwira ndisanakwere n'komwe galimoto.

Achinyamata amandifunsa njira yolowera ntchitoyi. Ambiri a ife tinadutsa pa Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS, koma digiri ndi khomo chabe. Pamafunika zaka zogwira pansi pa injiniya wovomerezeka, kulemba zimene wachita, kenako kukaonekera ku Malawi Engineering Institution, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, kuti nawe uloledwe kusaina. Wobwera kumene pa ofesi yathu sakhudza kompyuta asanawerengere bimu ndi silabu pa pepala, kuti tsiku lina makina akadzamupatsa nambala yopenga mtima wake udzagunde. Kenako timamutumiza kukapsa ndi dzuwa. Injiniya amene sanaonepo mmisiri akulimbana ndi kupinda Y16 amajambula zinthu zosatheka kumanga. Atsikana akubwera ochulukirapo kusiyana ndi m'masiku athu, ndipo chovuta chawo choyamba si masamu, ndi folomani amene amayankha kwa dalaivala wawo m'malo moyankha kwa iwo. Zimatha tsiku limene mtsikanayo wakana kuti athire konkire, n'kuimirira pa mawu ake. Malipiro a alangizi si onenepa, ena amatithawira ku mabungwe kapena ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo sindiwaweruza. Amene amatsala amapeza chinthu chimodzi chosowa kunjako: ali wamng'ono amagwira chilichonse, thanki ya madzi lero, mlatho wa m'mudzi mawa, nyumba yakale imene eni ake akufuna kuiwonjezera nsanjika mkuja.

Inu amene mukumanga, makamaka abale athu a ku Joni, ku Harare ndi ku UK amene mumatumiza ndalama n'kumangoonera zithunzi: ngati nyumbayo ili ndi nsanjika kapena silabu pamwamba, pezani injiniya maziko asanakumbidwe, ndipo funsani ngati ali m'kaundula wa Malawi Engineering Institution. Muuzeni mmisiri wanu kuti asathire konkire injiniyayo asanaone zitsulo, ndipo pakatha masiku 28 mupemphe pepala la ku labotale musanatumize ndalama za gawo lotsatira.