Mwana Wowerengera Makolo

Kale nkhani zinali kuyenda pang'onopang'ono. Mlimi wa ku Kasungu akafuna kudziwa mtengo wa fodya, anali kudikira munthu wochokera ku okushoni, kapena kutchera khutu ku wailesi ya MBC, imene inayamba m'chaka cha 1964. Mwini mawu anali kudziwika, ndipo akanama, anthu anali kudziwa womufunsa.

Masiku ano lamya ya m'manja yafika m'midzi ya kwa Santhe, kwa Wimbe ndi kwa Kaomba. Uthenga wolembedwa ku Johannesburg m'mamawa udzera pa intaneti, nuwerengedwa pansi pa chigafa dzuwa lisanakwere. Ichi nchinthu chokoma. Mlimi amva msanga tsiku lotsegulira msika wa Chinkhoma, ndiponso alandira ndalama za mwana wake wa kutali pa Mpamba kapena Airtel Money, osalipira basi.

Koma njira yomweyo idzeranso bodza. Pa nyengo yogulitsa fodya, mbala zitumiza mauthenga akuti munthu wapata mphoto, tsono ayambe watumiza kangachepe. M'nyumba zambiri wowerengera makolo mauthenga otere ndiye mwana wa sukulu. Ngati mwanayo adziwa kungotchula mawu osawalingalira, thukuta la chaka chonse, kuyambira ku nazale kufikira podinda mabelo, lingathe kupita tsiku limodzi.

Chifukwa chake mphunzitsi wanzeru sadikira kuti sukulu yake ikhale ndi kompyuta. Choko ndi bolodi zikwanira. Iye alemba pabolodi uthenga wonga wa mbalazo, naphunzitsa ana kufunsa mafunso atatu. Walemba ndani? Afunanji kwa ife? Kodi wailesi kapena alangizi a zaulimi anenanso chomwecho? Awauzanso kuti nambala yachinsinsi ya ndalama siiuzidwa kwa munthu, ngakhale wolankhula mwaulemu.

M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolanga anthu ochita zachinyengo pa intaneti. Komabe lamulo ligwira mbala ndalama zitapita kale, pamene funso la mwana litchinjiriza ndalamazo zikadali m'nyumba.

Tsono makolo amene aphunzira kuwerenga atakula asachite manyazi. Akhale pamphasa pamodzi ndi ana awo madzulo, awerenge uthenga uliwonse kawiri, nafunsane. Mwana ali ndi maso akuthwa, kholo lidziwa mitima ya anthu. Akulu anati safunsa anadya phula.